Komboyo Yoyamba ku Moatize

Mwana wanga Anselmo anatengedwa ndi asipayi, apolisi a boma la Apwitikizi, m'chaka cha 1944, tili m'munda kupalira chimanga. Anati akagwira ntchito yomanga njanji miyezi isanu ndi umodzi basi. Anasiya khasu pamzere. Anasiyanso mkazi, Zita, amene anali atangomutenga kwawo ku Domwe miyezi inayi m'mbuyomo. Ankati ukwati akadalitsa ku misawu ya Lifidzi, mishoni yathu, pa Pasaka. Pasaka inafika, mkwati kulibe.

Makalata analemba awiri. Ndinawerenga ndekha, popeza ndinaphunzirako ku misawu ndili mtsikana, ndipo sindikonda kuti za m'nyumba mwanga zizidutsa pakamwa pa anthu ena. Yachiwiri inachokera ku Dona Ana, m'mbali mwa Zambezi. Inali yaifupi: "Amayi, njanji ikadzafika ku Moatize ndiye kuti ntchito yatha, ndidzabwera. Mundisungire kazako wanga, ndamva kuti kumeneko kukuzizirabe." Ankaseka. Kazakoyo ndi malaya ochindikala amene anagula pokwatira. Anawasiya pamsomali chifukwa anamuuza kuti kuchigwa n'kotentha.

Kenako zii, zaka zitatu.

Zita anakhalabe nane. Ankalima, ankatunga madzi, sankadandaula. Ine ndimamuitana ndi mfunda wake, Nankhoma, monga ayenera mpongozi. Titakolola mu 1949, kunabwera a Leonardo, malume ake a Zita. Anakhala pampando, anafunsa za ng'ombe, za chifuwa changa, za mvula ya chaka chatha.

"A Leonardo, nenani chimene mwadzera," ndinatero. "Nyemba zanga zili padzuwa, ndipo nkhuku sizidikira."

"Asewere," anatero, akuyang'ana kuseri kwa nkhokwe, "mtengo wa pichesi uwo anadzala ndi mwana wanu, si choncho? Wayamba kubala. Mwana wathu ayi."

Ndinadziwa kumene akupita. Kwathu kuno munthu akasowa zaka zambiri timamulira ngati wafa. Abale amameta tsitsi, kenako mkazi wake timamusudzula, kumuperekeza kwawo kuti akhale mfulu kukwatiwanso. A Leonardo ankafuna zimenezo. Ku Domwe kunali mwamuna wina wofatsa, wa ngolo yake, amene anali atafunsa kale kawiri.

"Apadiri alengeza Lamulungu kuti njanji yatha," ndinatero. "Komboyo yoyamba, sitima ya panjanjiyo, ikufika ku Moatize mwezi wamawa. Anselmo akapanda kutsika m'menemo, timeta. Lumo ndidzanola ndekha."

"Nanga mukudziwa bwanji kuti adzakhala m'menemo?"

"Mowa wa dima amayamba kumwa ndani?"

"Olima."

"Ndiye mukufunsanji?"

Sindinkakayika ngakhale pang'ono. Ukaitana anthu kudzakulimira, chipanda choyamba chimapita kwa amene manja awo ali ndi matuza. Mwini munda amakhala pambali, amamwa zotsala. Ndabadwa ndikuona zimenezo, ndakalamba ndikuona zomwezo. Tsono anthu amene akumba mapiri zaka zisanu, n'kuyala zitsulo kuchokera ku Zambezi mpaka ku Moatize, angakwere ndani poyamba ngati si iwowo? Ndinkawaona m'maganizo atadzaza komboyo yonse, mitu ili m'mazenera, akuimba.

Tinakatenga chikalata cha ulendo ku posito, ofesi ya boma, ine ndi Zita, ndipo tinakwera kamyawu wopita ku Tete, lole yodzaza matumba a mbatata ya kachewere. Kazako ndinamupinda bwino, n'kumumanga m'nsalu. Tinanyamuka udzu uli mbuu ndi chisanu, titafunda mabulangete. Tsiku lachiwiri mabulangetewo tinali titawakhalira. Mapiri anatsala m'mbuyo, kunayamba milambe ndi minga, mphepo yotentha ngati ya pang'anjo.

"Amayi," anatero Zita tili pamwamba pa matumba, "nkhope yawo mukuikumbuka bwino? Ine ndikati ndiganize, ndimangoona makutu."

"Makutuwo akwana, Nankhoma. Palibe wina m'dziko muno ali nawo otero. Anatengera bambo ake."

Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Ine ndinayang'ana kumbali. Kulira pamsewu kumangokudyetsa fumbi.

Ku Moatize tinapeza anthu ngati nyerere. Anali atamanga chipata cha makhwatha a mgwalangwa, mbendera paliponse, ana a sukulu atafola ndi timbendera ta mapepala, nkhope zili noninoni ndi thukuta. Kunali malipenga, kunali ng'oma. Azungu anakhala pamthunzi wa lona. Ife anatiika kuseri kwa chingwe, padzuwa. Mzungu wina wamimba analankhula nthawi yaitali kwambiri. Chipwitikizi changa n'chochepa, koma ndinamva mawu akuti chitukuko kasanu ndi kawiri. Mawu akuti omanga sindinawamve.

Kenako nthaka inayamba kunjenjemera kumapazi. Ndisaname, chinthucho n'choopsa ndipo n'chokongola. Chinatulukira pakhonde la phiri chakuda bii, chitavala maluwa pamphumi, utsi uli tolotolo, chikulira mawu amene amalowa m'chifuwa. Anthu anakuwa, amayi analuluta. Nanenso ndinaluluta, ine amene sindiluluta ngakhale paukwati. Zita anandigwira dzanja mpaka kundipweteka.

Zitseko zinatseguka. Anatsika azungu a malaya oyera ndi zipewa, akazi awo akudzikupiza. Anatsika amwenye angapo. Kumbuyo kwenikweni anatsika anthu akuda, osakwana makumi awiri, onse atasenza masutukesi a eni ake. Ndinayang'ana makutu a aliyense. Ndinayang'ananso kachiwiri. Kenako zitseko zinangokhala yasaa, m'kati mulibe munthu.

Ndinaweramira pansi pa chingwe n'kudutsa. Sipayi wina anandikuwira, koma nkhalamba yoyenda ngati ikudziwa kumene ikupita saigwira msanga. Pafupi ndi mawilo panali bambo wina wa makabudula akuda ndi mafuta, akuthira mafuta m'zitsulo. Anakalipira mnzake, ndipo ndinamva kuti si Chinyungwe cha kumeneko. Chinali chilankhulo cha kwathu kumapiri.

"Bambo inu, kwanu n'kuti?"

"Kufupi ndi Fonte Boa, amayi. Ndine João. Koma chokani apa, akumenyani."

"Andimenye. Omanga njanji ali kuti? Abwera ndi komboyo ina?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwamba. "Omanga? Anawachotsa sabata yatha. Anati nsanza zawo zingaipitse zithunzi."

"Koma iyi ndi yoyamba. Padima amayamba kumwa ndi olima."

Sanaseke, ndipo ndimamuthokozabe pa chimenecho. Anaika chitini chake cha mafuta pansi. "Amayi, kuno si kwathu. Kuno amamwa ndi mwini munda. Olima amangouzidwa kuti munda wina uli uko."

Zita anali atafika kumbuyo kwanga. Ndinatchula dzina la Anselmo, mudzi wathu, ndi chaka chimene anatengedwa.

"Anselmo ndinadziwa atatu a kwathu kumtunda," anatero João. "Nanenso ndinayamba ndi khasu ndisanapatsidwe chitinichi. Mmodzi tinamuika m'manda ku Doa, malungo. Wina anathawa ndi anzake, ankati akupita ku Halale. Wachitatu anamutumiza kudoko ku Beira."

"Wanga ndi wa makutu aakulu. Otambalala chonchi."

João anapukuta manja pa makabudula ake. Ndinaona kuti akufuna kundipatsa chinachake choti ndinyamule.

"Ndinganame, amayi," anatero potsiriza. "Tonse tinali titaonda. Makutu a aliyense ankaoneka aakulu."

Malipenga anayambanso. Pamthunzi paja ankatsegula mabotolo. Ndinafunsa João kuti komboyo izibwera kangati, anati kamodzi pasabata, Lachinayi. Ndinamuuza kuti akakumana ndi Anselmo aliyense, wa makutu kapena wopanda, amuuze kuti Rufina wa ku Lifidzi akadali moyo ndipo pichesi wayamba kubala. Kazako sindinamupatse. Ndinabwera naye.

Pobwerera, titayamba kukwera mapiri ndi kufundanso mabulangete, Zita anatembenukira kwa ine.

"Amayi, ine ndikhoza kudikira chaka china."

"Mwadikira zisanu. Zakwana."

"Nanga akadzabwera?"

"Akadzabwera adzandipeza ine. Ndidzamuuza kuti ndinakuchotsani ndine, akalipire ine."

A Leonardo anabwera ndi abale awo patapita masiku anayi. Lumo ndinali nditanola monga ndinanenera. Zita anagwada pamphasa, mayi wina wa kwawo anamumeta, tsitsi likugwera pamiyendo. Ndinamupatsa khasu lake, mbiya yake, ndi nkhuku ziwiri zimene anaweta yekha. Ndinanena mawu oyenera pamaso pa onse, kuti mwana wawo alibe mlandu pakhomo pano ndipo ndi mfulu. Kenako mayi uja anatembenukira kwa ine ndi lumo lija.

"Ine ayi," ndinatero, ndipo ndinamanganso mpango wanga.

"Asewere, munalonjeza," anatero a Leonardo.

"Ndinalonjeza, ndipo ndaphwanya theka. Kauzeni aliyense amene mukufuna. Anselmo analipo atatu, wafa mmodzi. Mkazi sangadikire awiri mwa atatu, nthawi yake ikupita. Mayi angathe. Ndilibe ntchito ina."

Ananyinyirika pang'ono za mwambo, koma chimene anadzera anali atachipeza, ndipo dzuwa linkapendeka. Ndinawaperekeza mpaka pamtsinje. Zita ankacheukacheuka, mutu uli mbee, mbiya ili m'manja. Ndinamukalipira kuti ayang'ane kutsogolo angagwe.

Pano Zita ali ndi ana awiri ku Domwe. Amanditumizira mapira ndi uthenga, ndipo wamkuluyo akuti amafunsa za ine.

Komboyo sindinaionenso. Kuchokera kuno siimveka, ili kutali kwambiri. Koma kuwerenga ndimatha. Ikafika ku Moatize Lachinayi, munthu wopeza kamyawu msanga angafike kuno Loweruka dzuwa litapendeka. Tsono Loweruka m'mawa ndimatulutsa kazako, ndimamukuntha, n'kumuyanika panthambi ya pichesi kuti achoke fungo la utsi. Nyemba ndimasankhira kumaso kwa nyumba, kumene msewu umaoneka. Tsitsi langa layera lonse, ndipo lakula moti limandivuta kupesa.