Dothi la Agogo a Safeli

Kwathu ku Ntcheu, agogo anga aamuna, a Safeli Chimbalanga, anaikidwa m'manda ine ndisanabadwe. Kungoti amene analowa m'dzenjemo sanali iwo ayi, linali thunthu la nthochi. Anapita kukagwira ntchito ku Joni kudzera ku Wenela ali mnyamata, makalata anabwerako pang'ono, kenako zii. Wina anati anawaona ku Kepi. Zaka zitachuluka abale anati munthuyu anafa, tilire maliro tipume. Anadula nthochi, kuikulunga m'nsalu, n'kuikwirira.

Nditangolemba mayeso a Fomu 4, malume anga a Frackson anandiitanitsa ku Kepi komweko, ku Cape Town, kuti ndidzawalerere mwana. Tsiku lonyamuka, agogo aakazi, a Nasimango, anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Lines, ukakapeza pamene anagona amuna anga, ukanditapireko dothi. Ndikadzafa mudzandithirire m'manda mwanga. Ine sindikufuna kukagona pafupi ndi nthochi."

Ine misozi mbwee. Chikondi chake chimenecho! Ulendo wonse m'basi ndinkawaona agogo aamuna ataima padoko, ataonda, mphepo ikuwomba jekete lawo, akutsokomola, dzina la mkazi wawo lili pakamwa mpaka mpweya womaliza. Ngakhale ku Wallacedene, m'kanyumba kathu ka malata, ndinkangowaonabe.

"Iwe, phala la mwana likupserera!" anatero malume. "Za kumandazo tidzapitira limodzi ndikapeza ofu. Kumanda sapita munthu yekha."

Koma ofu yawo ku Camps Bay, komwe amalima maluwa, inkangosunthirabe kutsogolo, pamene a Yoram, amene amanyamula katundu wa anthu kupita naye ku Malawi, ankanyamuka Loweruka. Lachinayi ndinasiya mwana kwa aneba, ndinatenga chitini cha khofi chopanda kanthu ndi supuni, ulendo wa ku manda aakulu a mumzinda.

Mu ofesi ya pamandapo munali mayi wa magalasi ndi mabuku akale, aakulu ngati zitseko, onunkha fumbi. Ndinamuuza dzina. Anayang'ana pa kompyuta, kenako anatsitsa buku limodzi n'kuyamba kuyendetsa chala pang'onopang'ono. Chala chija chinaima. Chimbalanga, S. Anandilembera nambala ya mzere pakapepala n'kunena m'Chingerezi kuti, "Koma tadikira kaye mwana wanga, apapa alemba kuti..."

Ine n'kuti ndili kale panja. Kudikiranso chiyani, anthu atadikira moyo wawo wonse?

Chinali chiliza chakuda, chonyezimira, chachikulu ngati bedi la anthu awiri. Kumanja analemba kuti SAFELI CHIMBALANGA, chaka chobadwa, kamzere, kenako mwala wosalala. Ndinati kalanga ine, analibe ndi wowasungira tsiku limene anamwalira. Kumanzere kunali dzina lina, Katrina. Limenelo silinandivute. Ndinaganiza kuti m'tauni malo ndi ochepa, akufa amagawana manda monga timagawanirana zipinda ku Wallacedene.

Ndinagwada, ndinaomba m'manja, n'kuyamba kulira maliro enieni akumudzi, uku supuni ikukumba.

"Agogo ine! Munatisiyira yani ine! Agogo aakazi sagona tulo ine!"

"Fotseki!"

Ndodo inamenya chitini changa, chinakagwera uko. Pamwamba panga panaima nkhalamba yonenepa, yovala chipewa chobiriwira, dzanja lina itanyamula maluwa ndi kheni yothirira. Inalalata m'Chibunu mpaka malovu.

Ndi mantha ndinaiwala Chingerezi chonse cha Fomu 4. "Pepani bambo, ndikungotapa dothi la agogo anga."

Ndodo inatsika pang'onopang'ono. "Ndiwe... wa kuti iwe?" Chichewa chawo chinali ngati chitseko chadzimbiri.

"Ku Ntcheu."

"Nanga ukulira ndani?"

Ndinaloza dzina lija.

"Eish. Safeli ndine."

Sindikudziwa kuti ndinalumpha manda angati. Ndinakabisala kuseri kwa mngelo wa simenti ndikutchula mayina onse a Yesu amene ndimawadziwa.

"Bwera kuno, mtsikana iwe! Unaona kuti mzukwa woyenda ndi kheni?"

Ndinabwerera, koma ndinaima patali. Anati amakhala ku Parow. Katrina anali mkazi wawo, ndipo atamwalira anagula mwala wa anthu awiri n'kulembetseratu mayina onse. Kuno amatero.

"Kwathu kulemba dzina la munthu wamoyo pachiliza n'kumulodza," ndinatero. "Ndiye padoko paja simunaimepo? Simunadwale n'kuwasowa agogo?"

"Doko? Ine ndinkaphika buledi. Matenda anga ndi shuga basi."

Zinandiwawa kuposa ndodo ija. Komabe mtima wanga sugonja msanga. Ndinaona kale chithunzi china: nkhalamba ziwiri zikuthamangirana pabwalo, nkhuku zikubalalika. Ndinaimba vidiyo pafoni ya msuweni wanga kumudzi kuti awapatse agogo aakazi.

Agogo aakazi anayang'ana nthawi yaitali, nkhope ataigunditsa pagalasi.

"Mwanenepa," anatero.

"Nasimango, ine..."

"Takhalani chete. Nthochi ija inali ndi mkoko. Tinaidula ili pafupi kupsa chifukwa cha inu."

"Agogo," ndinalowerera, "a Yoram akunyamuka Loweruka. M'malo mwa dothi, akwere eniakewa!"

"Iwe Lines, ndinakutuma dothi, sindinakutume nkhalamba. Dothi silidya, silifuna madzi osamba, ndipo pamene waliika limakhala pomwepo. Utape kumbali kwawoko. Kwa mayiyo usakhudzeko, sanandilakwire kanthu."

Agogo aamuna anaika maluwa pansi. Anatola chitini chija, anandilanda supuni, n'kugwada movutikira mbali ya dzina lawo. Anatapa okha mpaka chinadzaza, kutsendera ndi chala chachikulu, n'kutseka bwinobwino.

"Mimba ndinaisiya ija," anafunsa osandiyang'ana, "kunabadwa mwana wanji?"

"Malume a Frackson. Ali konkuno, ku Camps Bay."

Anaimirira, chitini chili m'manja. Foni ndinali ndisanadule.

"Lines," mawu a agogo aakazi anamvekanso, "uwauze avule chipewacho. Sichiwakhala. Ndiwaone mutu."

Anavula.

Loweruka chitini chinapita ndi a Yoram, pakati pa matumba a zovala ndi firiji ya winawake. Malume sanandilankhule tsiku lonse chifukwa chopita ndekha kumanda, koma Lamlungu anasita shati yawo yoyera n'kundifunsa njira ya ku Parow. Amati za chipewazo ndikungowonjezera ndi maloto anga. Anene zimene anganene. Munthu amene ulibe naye ntchito sumufunsa kuti umuone mutu.