Mayina Amene Tinatolera Kawiri

Uthengawo unabwera m'mwezi wa Epulo, pa kathabwa ka mauthenga kamene kamayenda khomo ndi khomo m'dera lathu. Unati kampani ina yapeza malo m'chigwa cha kumtunda, oti izikwirirapo zinyalala za m'mafakitale. M'chigwa chimenecho ndi momwe mumachokera kasupe wathu.

Dzina langa ndine Fumie Nogami. Ine ndi amuna anga, a Tatsuro, timapanga tofu, chakudya chochokera ku soya wofinyidwa. Soya tingathe kugula kulikonse, koma madzi timadalira a kasupe ameneyo. Madziwo akaipa ndiye kuti shopu yathu yatha, ndipo minda ya mpunga ya anzathu yathera pomwepo.

Tinachita zimene anthu okwiya amachita. Tinalemba nsalu, kumanga timipango pamutu, n'kuguba mpaka ku ofesi ya khonsolo. Tinalipo anthu 60. Tinafuula mpaka mawu kusasa. Bwana wina anatuluka, anatiweramira mwaulemu kwambiri, nati madandaulo athu awamva. Kenako analowa n'kutseka chitseko.

Pobwerera tinakumana ndi a Ushijima, oyandikana nafe nyumba, amene anagwira ntchito ku khonsolo zaka 30 asanapume. Ankathirira maluwa awo.

"Mwafuula mokwanira, mayi Nogami?"

"Inu munali kuti? Maluwawo akanafa mukanawasiya tsiku limodzi?"

"Kufuula n'kwabwino, tauni yonse yadziwa kuti kuli nkhani," anatero. "Koma ofesi ija ndimaidziwa. Phokoso limathera pakhomo, pepala ndi limene limalowa."

Anatifotokozera kuti lamulo limalola anthu wamba kupempha khonsolo kuti ichititse voti pa nkhani yowakhudza. Pamafunika kuti munthu mmodzi pa anthu 50 alionse oponya voti asayine pempholo, pasanathe mwezi umodzi. M'tauni yathu, ndiye kuti mayina 420. Anatithandiza kulembetsa gulu lathu, nandipatsa mapepala osayinapo ndi kabuku ka malamulo ake. "Muwerenge kaye aka," anatero. Mawa lake anapita ku mzinda kukachitidwa opaleshoni ya diso.

Kabukuko ndinakaika pamwamba pa thumba la soya. Sindinakatsegule. Ndinali ndi nzeru zanga, ndipo ndinkazikonda kwambiri. Kwathu kuno chilichonse chimayenda pa kathabwa kaja, kaya ndi tsiku losesa ngalande, kaya ndi maliro. Kakafika, mayi wa panyumba amawerenga, amatenga chidindo cha banja chimene chimakhala pakhomo pafupi ndi nsapato, amadinda, n'kukapereka khomo lotsatira. Nanga n'kuvutikiranji kuyenda ndi miyendo? Ndinapempha atsogoleri a magulu khumi ndi awiri a nyumba za m'dera lathu kuti aike mapepala athu pa timathabwa tawo. Dzina langa ndinalemba pamzere woyamba, la amuna anga pamzere wachiwiri, n'kudinda pawiri ponse. Makalata awo onse ndakhala ndikuwalembera chikwatiranirane, iwo manja ali m'madzi.

Patatha masiku 20 mapepala anabwerera ali ndi mayina 611. Ndinawanyamula ngati mwana wakhanda kupita nawo kwa a Ushijima, amene anali atabwerako, diso limodzi lili lomata.

Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Sanamwetulire.

"Nyumba iyi ili ndi anthu asanu, koma dzanja ndi limodzi," anatero. "Iyinso chimodzimodzi. Kodi mayina awa anatolera ndani?"

"Kathabwa."

"Kathabwa kanalembetsa liti kukhala kotolera mayina? Ine ndili ndi diso limodzi koma ndaziona. A ku ofesi yoona za zisankho ali ndi awiri aliyense."

Anandiwerengera kabuku kaja pang'onopang'ono, ngati mwana wasukulu. Munthu aliyense alembe yekha dzina lake, tsiku lobadwa ndi kumene amakhala, adinde yekha, pamaso pa wotolera mayina amene analembetsedwa. Kulembera mnzako dzina ndi mlandu, ngakhale akhale mwamuna wako.

"Mwayi wake sitinawapereke," anatero. "Awa ndi oyatsira moto basi."

Manyazi anandigwira mpaka kuphazi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadyetsanso magulu khumi ndi awiri. Kunatsala masiku khumi.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaima pamaso pa gulu, ndinawerama, n'kupepesa. Palibe anandikalipira, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa kukalipiridwa. Anthu 23 analembetsa kukhala otolera mayina, tinagawana misewu.

Ndinaganiza zoyambira kunyumba, poti kumeneko kunalibe chovuta. A Tatsuro ankafinya soya. Ndinawaikira pepala ndi cholembera pambali.

"Bambo, pukutani m'manja musayine apa, ndikufulumira."

"Paja unandisayinira kale?"

"Zijazi sizinagwire. Pakufunika dzanja lanu."

"Oo, kani dzanja langa lili ndi ntchito ina kupatula kufinya soya?" Anapitiriza kufinya. "Unandifunsa, Fumie?"

"Kufunsa chiyani? Madziwo si anu omwe?"

"Malo amene kampani yapeza aja ndi a Genji. Ndinakula naye. Ana ake onse anathawira ku mzinda, phiri lake limene kuli chigwacho sangathenso kulisamala. Dzina langa likaoneka papepalapo, ndikamuyang'ana bwanji?"

Ndinakwiya. Chidindo chinali pakhomo pomwe, ndipo kwa nthawi yoyamba sindikanatha kuchigwiritsa ntchito.

Masiku khumi amenewo ndinaphunzira zambiri kuposa tsiku loguba lija. Ena amene mayina awo anali pa mapepala oyamba sankadziwa n'komwe kuti kuli pempho. Bambo wina anandiuza kuti kampaniyo ibweretsa ntchito, ndipo sasayina. Ndinamuthokoza n'kupitirira. Ena ankafunsa mafunso ovuta, ndipo ndinayamba kuyenda ndi kabuku kaja m'thumba.

Panyumba ina, bambo wachikulire anandibweza ndisanavule n'komwe nsapato. "Nyumba ino tinakana kale," anatero. Nditafika pa mlatho ndinamva mapazi kumbuyo. Anali mpongozi wawo, mtsikana wotchedwa Sayo, mwana ali kumsana.

"Mayi, kodi n'zoona kuti aliyense amasayina payekha?"

"N'zoona."

"Kathabwa kaja apongozi anangokapititsa, ine osakaona. Madzi amenewa ndi amene ndimasungunulira mkaka wa mwanayu. Bweretsani."

Analibe chidindo, choncho anadinda ndi chala, pepala litatsamira pa chitsulo cha mlatho.

Pofika tsiku lomaliza tinali ndi mayina 446. A Ushijima anati ena adzakanidwa ndithu, chifukwa nthawi zonse pamapezeka wolakwitsa tsiku lobadwa kapena amene anasamuka. Zinali zokayikitsa ngati tidzakwanitse.

Masana a tsikulo a Tatsuro anavula epuloni natuluka. Anabwera patatha maola awiri, nsapato zili matope.

"Munali kuti?"

"Kwa Genji. Ndamuuza ndekha, asadzamve kwa ena."

"Wati chiyani?"

"Wati ndine galu. Kenako wandithirira tiyi." Anakhala pansi. "Bweretsa pepala lako lija."

Analemba pang'onopang'ono, akukanikiza cholembera ngati akuopa kuti dzina lithawa. Zaka 26 tili m'banja, ndinali ndisanaonepo momwe amalembera dzina lawo. Amalemba moipa kwambiri.

A ofesi yoona za zisankho anaunika mayinawo limodzi ndi limodzi. Anakana 16, anavomereza 431. Khonsolo inakambirana pempho lathu, ndipo makhansala, poona kuti ambiri mwa ife tinadzaza mipando yakumbuyo, anavomera kuti voti ichitike. Pa votiyo anthu ambiri anakana dzala la zinyalala, ndipo kampani inachoka chaka chisanathe. Phiri la a Genji timakalambula ndife a gulu lija, kawiri pa chaka. Mwiniwake sandilankhula kwenikweni, koma tofu amagula.

Anthu akamandifunsa za zionetsero zathu amafuna kumva za nsalu ndi kufuula. Ine ndimawauza izi. Kuguba ndi ufulu wanu, ndipo kumadzutsa anthu. Koma musanayambe, funsani odziwa, werengani malamulo, ndipo tsatani njira imene lamulo linakupatsani. Chachikulu, musamayankhulire munthu amene simunamufunse, ngakhale mumadya naye mbale imodzi. Aliyense ali ndi mawu ake ndi dzanja lake.

Chidindo chija chikadali pakhomo, pafupi ndi nsapato. Masiku ano kathabwa kakafika ndimapita nako kumene amuna anga akufinya soya, n'kudikira kuti apukute m'manja.