Nsalu Yopindidwa Mkati

Bambo Telala ankadziwa thupi la kasitomala pongoliyang'ana, koma za mwana wawo yemwe anachedwa kuzizindikira. Mtsikanayo, amene onse ankangomutchula Chisamba poti ndiye woyamba kubadwa, anabweranso pamakina ndi diresi yake ya kusukulu.

"Bambo, muichepetsekonso. Ikundikhwepa."

"Iwe, si posachedwapa ndaichepetsa?" Anamuzunguliza tepi m'chiuno, zala zawo n'kukhudza mafupa okhaokha. Anachita mantha.

Nthawi ya chakudya Chisamba ankati, "Ndikusala, ndikupempherera mayeso." Mayi ake ankanyadira kwabasi: "Mwana wa Mulungu uyu!" Koma mayeso anatha, kusala osatha. Tsitsi linayamba kuthothoka, ndipo ankavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Anthu, paja pakamwa sawalipirira, anayamba kunong'ona za matenda aja. Magazi atayezedwa, sanapezeke ndi kanthu.

Apa bambo anapsa mtima. "Idya! Anzako akugona ndi njala kunjaku!" Chisamba anadya akulira, kenako anakasanza zonse kubafa.

Tsiku lina namwino woyandikana nawo nyumba anabweretsa yunifolomu yoti aiike zipi. Bambo Telala analephera kulowetsa ulusi m'singano. Namwinoyo atafunsa chomwe chavuta, anamufotokozera zonse.

"Achimwene," anatero namwinoyo, "si mwano umenewu, si ufitinso. Ndi matenda, ndipo amayambira m'maganizo. Mwana amaopa chakudya. Akadziyang'ana pagalasi amaona munthu wonenepa, chonsecho watsala mafupa. Mukawalekerera amafooketsa mtima mpaka kupha. Koma amachizika."

"Ndiye timugwire n'kumudyetsa?"

"Ayi, mukatero mungomuphunzitsa kubisa. Tiyeni naye kuchipatala. Dokotala aone thupi, mlangizi wa zamaganizo acheze naye."

Kwa mlangiziyo ndi komwe Chisamba anamasuka. Anati anzake kusukulu ankamutchula "Mgolo", ndipo kusala kunali chobisalira chabe, poti palibe kholo loletsa mwana kupemphera. Mayi ake atamva analira.

Banja lonse linapatsidwa zochita: kudyera pamodzi, pang'onopang'ono monga ananenera dokotala, popanda kukalipa. Za thupi la Chisamba osazitchula, ngakhale mawu oyamikira aja akuti "wanenepa bwino". Tepi nayo isamuyandikirenso.

Sizinali zophweka ayi. Masiku ena Chisamba ankamaliza mbale, masiku ena ankangoyang'ana supuni misozi ili mbwee. Akabwerera m'mbuyo, bambo ankatseka shopu n'kumuperekezanso kwa mlangizi. Makasitomala ankadandaula, iwo n'kumangoti, "Thalauza lidikira."

Patapita miyezi, Chisamba anaima pakhomo la shopu, diresi ija ili m'manja.

"Bambo, yayamba kundithina."

Mawu oti "wanenepa" anafika kukhosi, koma bambo anawameza. Anatembenuza diresiyo n'kumuonetsa misoko yokhuthala.

"Taona, mwanawe. Sindinadulepo olo pang'ono. Ndinkangopindira mkati, kudikira tsiku la lero."

Chisamba anakoka mpando, natenga kalumo, n'kuyamba kuthandiza bambo ake kumasula ulusi.

Makolo anzanga, mwana akamakana chakudya, kubisa kapena kusanza dala, musamukalipire ndipo musadikire kuti zitha zokha. Amenewa ndi matenda. Pitani naye kuchipatala msanga, mumumvetsere, ndipo musatope naye. Mwana wotere amachira.