Msomali wa Simenti

Anzake ankamutcha Msomali chifukwa anali wamtali, wowonda, ndipo akalowa pakati pa otchinga kumbuyo kumuzula kwake kunali kovuta. Ali ndi zaka makumi awiri anamwetsa chigoli chimene chinapititsa timu ya dziko ku mpikisano waukulu. Akuluakulu a kalabu yake anati mwana wotere kungomuombera m'manja n'kumunyoza, ayenera chiboliboli pageti la bwalo.

Ntchitoyo inapita kwa mlamu wake wa wapampando wa kalabu, bambo amene moyo wake wonse ankaumba ziliza. Bamboyo anali asanamuonepo Msomali, ndipo atamupatsa chithunzi anachibweza. Anati iye amagwira ntchito ndi mtima.

Tsiku lovundukula, nsalu itachoka, Msomali anaona chimunthu cha simenti: masaya ngati chavwira mazira, ndevu zapamlomo zopotana, mimba ili patsogolo. Anthu anaomba m'manja. Wapampando anapukuta msozi.

"Bwana, ameneyutu si ine," ananong'ona Msomali.

"Udzafanana naye. Ukadali mwana."

Amayi ake, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo, anachizungulira kawiri chibolibolicho.

"Uyu ndiye akudya bwino," anatero. "Iwe ndakhala ndikukuuza."

Lolemba m'mawa mlonda wapageti anamuimitsa.

"Achimwene, ulendo wa kuti?"

"Madala, ndine Msomali. Mwanditsegulira geti limeneli zaka zitatu."

Mlonda anayang'ana chiboliboli, n'kuyang'ana mnyamatayo.

"Kukudziwani ndikukudziwani. Koma Msomali ndi uyu apa. Dzina analemba pansipo."

Sabata yonseyo ankalowa podumpha mpanda wakumbuyo, nsapato zili m'khosi.

Kenaka timu ya dziko inafuna zithunzi za ziphaso za osewera, poti kunali masewero ndi dziko lina. Wojambula atafika pabwalo anapeza Msomali wa simenti ataima bwinobwino, osagwedezeka, osaphethira. Anajambula n'kubwerera. Chiphaso chinatuluka chili ndi masaya ndi ndevu.

Msomali anapita nacho kwa kochi wa timu ya dziko.

"Mwana wanga," anatero kochi, "kusintha chiphaso ndi miyezi isanu. Kusintha nkhope ndi masabata awiri. Sankha wekha."

Anayesa kusunga ndevu, koma zinamera zisanu zokha, zitatu mbali imodzi. Amayi ake ataona kuti mwana akuvutika anatenga ulusi wakuda n'kumusokera ndevu zopotana, komanso kapilo komanga pamimba. M'masaya ankaikamo thonje.

Tsiku la masewero, m'chipinda chovalira, woyimbira mpira anayang'ana chiphaso, n'kuyang'ana nkhope nthawi yaitali.

"Mwaonda pang'ono," anatero. "Mumadwala?"

Msomali anangopukusa mutu, poti thonje silinkamulola kulankhula. Tsiku limenelo anamwetsa zigoli ziwiri, chachiwiricho mpira utagunda kapilo. Kuchokera pamenepo panalibenso kubwerera m'mbuyo. Mlonda anayamba kumutsegulira geti ndi manja awiri. Akafika kunyumba n'kumatula ndevu, pagalasi ankaona kamnyamata kowonda kopanda chiphaso, ndipo ankakamvera chisoni.

Mwezi wachitatu lole ya zakumwa, pobwerera m'mbuyo, inagunda chiboliboli n'kuthothola khutu lamanzere. Woumba ziliza anakana kulikonza. Anati pa ntchito yake palibe kasitomala amene anabwererapo kudzadandaula.

Akuluakulu a kalabu ndi a timu ya dziko anakhala pansi maola atatu, Msomali ali pampando pakona. A kalabu anati Msomali weniweni ndi amene ali pageti, ndipo ali ndi khutu limodzi. A dziko anati iwo amadziwa chiphaso, ndipo pachiphaso makutu ndi awiri. Dokotala wa kalabu atatsegula chikwama chake n'kuyamba kufunafuna chinachake, Msomali anagwira khutu ndi manja onse. Mwamwayi chimene chinatuluka chinali pulasitala.

Anagwirizana chonchi: akamasewerera kalabu azimata khutu lamanzere mpaka lisaoneke, akamasewerera dziko azilimasula. Atolankhani analemba kuti n'chifukwa chake amamvera kwambiri kochi wa dziko.

Chaka chotsatira kalabu yaikulu yakunja inatumiza munthu kudzamuona. Anaonera masewero a kalabu Loweruka, a dziko Lachitatu, n'kulembera mabwana ake kuti pali anyamata awiri apachibale, onse aluso, koma wa khutu limodziyo ali ndi njala ya chigoli. Anagula wa khutu limodzi. M'pangano analemba kuti timu ya dziko isadzayerekeze kumuitana, poti ili naye kale mbale wake.

Wapampando anasayina, a dziko anasayina, Msomali nayenso anasayina. Dziko likakhala ndi masewero ankapempha tchuthi choti akaonere mbale wake akusewera, ndipo ankamulola, poti anthu akumeneko ankalemekeza za m'banja. Pulasitala ankamatula ali m'ndege.

Atabwerako ulendo woyamba, kochi wake watsopano anamuitanira pambali.

"Ndinamuona mbale wako pa kanema. Amathamanga bwino, koma sakufika pa iwe. Ali bwanji?"

Msomali anakankhira thonje m'mbali ndi lilime.

"Ali bwino, bwana. Wati ndikupatseni moni."