Tsiku Limene Loboti ya pa Chiweta Inayenda

"Ndiye mukuti loboti ija ndinaiona kutulo?"

Raphael anafunsa ataima pabwalo, makiyi ali m'manja, ngakhale lole yakeyo inali itaimikidwa kupolisi. Mlongo wake, Temwa, anapitiriza kutembenuza usipa pathandala. Mwamuna wa Temwa, Amock, anaweramira wailesi imene inafa chaka chatha n'kuyamba kuikonza mwakhama.

Chaka chimenecho msewu unali kukonzedwa pa chikweza cha Chiweta. Pena panatsala njira yokwana galimoto imodzi yokha, uku phiri, uku chigwembe. Okonza msewu anaika maloboti awiri a matayala, oyendera sola, ina kumunsi, ina kumtunda, kuti magalimoto okwera ndi otsika azisinthana.

Lolemba m'mawa Raphael, atasenza mpunga wochokera ku Karonga, anakumana mphuno ndi mphuno ndi minibasi pakona yomaliza ya njira yopapatizayo. Dalaivala wa minibasi anakhotetsera kuphiri. Palibe anafa, koma mayi wina anathyoka mkono.

"Ine ndadutsa itabiriwira," Raphael anauza apolisi. "Pa mabenchi a nsomba pomwe paja."

Apolisi anatsika kukaona. Loboti anaipeza ili phee pamalo pake, pa kalavati, mamita 250 kumtunda kwa mabenchiwo.

"Bambo, pa mabenchi palibe loboti. Mwamwa chiyani m'mawa uno?"

Raphael, munthu wosalawa ngakhale thobwa logona, anaumirira kuti anaiona. Apolisiwo anamulanda laisensi. Bwana wake anati likafika Lachisanu nkhaniyo isanayere, makiyi apereke kwa wina. Zaka khumi ndi zinayi za pamsewu zinali kutha chifukwa cha loboti imene munthu mmodzi yekha ankati anaiona.

Koma anaiona ndi anthu ambiri, ndipo Temwa anali mmodzi wa iwo.

Amock anali munthu wa nzeru zambiri, vuto linali lakuti nzeruzo sizinkafunsa mnzake. Ndi yemwe uja anayanikapo usipa pa galimoto ya abusa ponena kuti chitsulo chimaumitsa msanga. Loboti itabwera, anaona kuti maminibasi akuima kutali ndi mabenchi a nsomba, amayi n'kumathamanga ndi mabeseni chokwera. Lamulungu, okonza msewu atapuma, anaitana anzake atatu potuluka m'tchalitchi.

"Nsomba ithamangire kasitomala? Ayi. Kasitomala abwere kwa nsomba."

Anadula unyolo womangira loboti ya kumunsi, n'kuyamba kuikankha chotsika, dzuwa likuswa mtengo, msika wonse ukuonerera. Amayi ena anaimba nthungululu. Temwa sanakankhe nawo, komanso sanaletse. Anawagwirira majekete awo a kutchalitchi, onse anayi, kuti asade. Lolemba m'mawa usipa wake unatha isanakwane naini koloko. Ngozi itachitika, anthu onse atathamangira kumtunda, amuna anayi aja anabweza loboti pamalo pake ali wefuwefu.

Raphael atachoka pabwalo paja osayankhidwa, Temwa anatembenukira mwamuna wake.

"Bambo a Ungweru, wailesiyo ilibe batire."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukukonza chiyani?"

"Iwe, tamvera. Loboti ndi loboti. Ikafiira umaima, ikabiriwira umapita, kaya ili pano kaya ili apo. Alamuwo mwina amangoyenda ngati nkhono. Zimenezo ndi za ine?"

Temwa anafuna kukhulupirira zimenezo. Anayesa tsiku lonse, koma zinkakana kukhazikika.

Lachitatu kunabwera Wezi, mayi wachitsikana wa chipewa cholimba choyera, amene ankayang'anira malobotiwo. Temwa ananyamula beseni la usipa ngati wopita kukagulitsa, n'kukaima chapafupi. Wezi anazungulira loboti kawiri, manja ali m'chiuno.

"Sola iyi ndinaisiya itayang'ana kumpoto, kumene dzuwa limadzera. Lero ikuonera nyanja. Batire latsala pang'ono kufa. Unyolo wanga wasanduka chingwe cha ukonde, mfundo yake yabwino chomene." Anayang'ana amayi amene anali pomwepo. "Kapena loboti inapita kukawedza?"

Amayiwo anayamba kuyang'ana m'mabeseni mwawo ngati muli zachilendo.

Temwa anakhosomola. "Asisi, ndingofunsa. Ikakhala pano kapena uko kumunsi, pali kusiyana? Kufiira si kufiira basi?"

Wezi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa foni, n'kutsegula wotchi yowerenga masekondi.

"Amama, gwirani. Mukuiona lole ya simenti ikubwerayo? Ndi yomaliza loboti isanafiire. Ikangodutsa pano, dinani apa."

Temwa anadina. Loboti inafiira. Lole inayamba kukwawa chokwera ikufuka utsi mpaka inabisika pakona. Kumtunda sikunatsike galimoto ngakhale imodzi.

"Panopa yafiira kuno, yafiiranso uko," anatero Wezi. "Madalaivala amatitukwana, amati yawonongeka. Sinawonongeke. Ikudikira womaliza atuluke. Kuchokera pano kukafika pa loboti inzake ndi mamita 400, ndinayeza ndekha. Nthawi yodikirayo sitiyezera minibasi. Timayezera lole yolemera kuposa zonse, imene ikukwera pa giya yoyamba."

Wailesi ya m'manja ya Wezi inalira. Anali mnzake Gordon, amene anaima kumtunda. "Yatuluka."

"Dinaninso. Yati bwanji?"

"Mphindi ziwiri ndi masekondi makumi awiri."

"Ife tinatchera mphindi ziwiri ndi theka. Onani."

Posakhalitsa minibasi yoyamba inatulukira pakona ikutsika, njira ili yoyera.

"Loboti ilibe maso, amama. Sidziwa kuti lole yatuluka kapena ayi. Imangowerenga nthawi imene tinaiuza, ya mtunda umene tinayeza. Tsopano tiyerekeze kuti yatsetsereka yokha mpaka pa mabenchi anu aja. Lole yawonjezeredwa mamita 250, mphindi ina ndi theka. Koma ya kumtunda palibe waiuza. Nthawi yake ikakwana, ibiriwira."

Temwa sanafune pensulo. Anaiona lole ya mchimwene wake ili pakona, ndi minibasi ikutsika mwaufulu, madalaivala onse awiri ataloledwa ndi loboti.

"Ndiye onse awiri akhoza kunena zoona?"

"Onse awiri." Wezi analandira foni yake. "Ine ndikalemba kuti loboti yagwidwa. Koma sindingalembe kuti inagwidwa liti, kapena inafika pati. Mfundo ya chingwe sichitira umboni. Pamafunika munthu wa pakamwa."

Anayang'ananso amayi aja. M'mabeseni munali mukadali zachilendo.

"Yewo," anathokoza Temwa, n'kutsika osagulitsa ngakhale mulu umodzi.

Amock anamupeza pansi pa mtengo wa mango, akusoka ukonde ndi chingwe chofanana ndendende ndi cha pa loboti.

"Bambo a Ungweru, valani jekete."

"Kuli maliro?"

"Kupolisi."

Amock anaika ukonde pansi. "Wapenga? Ukufuna anditsekere? Msika wonse unaimba nthungululu, lero wolakwa ndi ine ndekha? Ndinachitira iwe zimenezi. Mawondo ako aja unkadandaula nawo ndi a ndani?"

"Mawondo ndi anga. Laisensi ndi ya achimwene. Mkono ndi wa mayi amene sitikumudziwa n'komwe." Temwa anapumira m'mwamba. "Ine ndatopa. Chaka ndi chaka mumabwera ndi nzeru, ine n'kumasesa zotsala zake. Za galimoto ya abusa ndinakapepesa ndine. Izi sizingathe ndi kupepesa."

"Pajatu majekete unagwira ndiwe."

"Ndikukumbukira. Ndikanenanso zimenezo. Ndikupita, kaya muli patsogolo panga kaya mwatsala. Mukatsala, akudzakutengani pa galimoto yawo, msika wonse ukuona. Sindikudziwa ngati aimbenso nthungululu."

Amock anayang'ana nyanja, anayang'ana phiri, ngati wina mwa awiriwo amuthandiza.

"Nanga alamu ndikawayang'ana bwanji?"

"Ndi maso omwewo munayang'ana nawo wailesi."

Anavala jekete. Podutsa pamsika anaitana anzake atatu aja. Mmodzi anati akumva malungo. Temwa anamuuza kuti chipatala chili njira yomweyo, ndipo malungowo anatha.

Kupolisi anakapeza Raphael atakhala pabenchi, monga ankachitira tsiku lililonse chichitikire ngoziyo. Amock anafotokoza zonse, mawu ali pansipansi. Wapolisi wolemba anamuuza kawiri kuti akweze mawu. Wezi anabwera ndi pepala la miyeso yake, ndipo nthawi zinagwirizana ndi mawu a madalaivala onse awiri.

Raphael sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Alamu, tsiku lija ndinaima pabwalo panu, wailesi ija inalira?"

Amock anati sinalire.

Lachinayi madzulo laisensi inabwerera kwa mwini wake. Lachisanu lole ya mpunga inakwera chikweza cha Chiweta, Raphael ali pa chiwongolero. Amuna anayi aja mlandu unawatsata mpaka kukhoti, kumene anawalamula kugwira ntchito yothandiza anthu kwa milungu isanu ndi umodzi: kutchetcha udzu wobisa zikwangwani za pamsewu ndi kupukuta fumbi pa sola za maloboti, Wezi akuwayang'anira. Temwa ndi Amock anapitanso kukamuona mayi wothyoka mkono uja kwawo. Mayiyo analandira usipa, koma mawu anawauza onse amene anali nawo, ndipo anali nawo ambiri.

Loweruka lotsatira chigamulocho komiti ya pamsika inaitanitsa msonkhano. Wezi anaima pa kreti ya zakumwa kuti onse amuone.

"Sindinabwere kudzakalipa, ngakhale ndikufuna chomene. Mverani izi. Loboti siikidwa pamene pamukomera munthu. Malo ake amayezedwa, kuti dalaivala aione ali patali, apeze mpata womanga mabuleki, ndipo zikwangwani zochenjeza zimakhala patsogolo pake. Nthawi yake imayezedwa molingana ndi mtunda. Mukaisuntha, mukaitembenuza, mukatchaja foni ku batire lake kapena kuyanika chitenje pa sola, mwasokoneza zonsezo, ndipo amene avulale ndi munthu amene wamvera lamulo. Ikafiira mbali zonse, dikirani, ikugwira ntchito yake. Ikazima kapena ikachita zachilendo, musaikonze. Imbani nambala yalembedwa pa bokosi lakelo, tibwera ndi anthu a mbendera oongolera magalimoto. Ndipo ngati ikukuvutani pamene ili, bwerani mudzatiuze. Pakamwa mpaulere."

"Tikadzanena mudzamva?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

"Mukadanena, bwenzi nditakuonetsani kale malo otakata aja kuseri kwa migolo yotchingira msewu, pafupi ndi kalavati. Pamenepo mukhoza kuika mabenchi, magalimoto sakufikani, ndipo maminibasi amaima pomwepo. Koma palibe anafunsa. Munasankha kukankha."

Anthu anaseka, ena mwamanyazi. Wapampando wa komiti anabwereza uthengawo m'Chitumbuka, kenako m'Chichewa, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve: loboti ndi ya tonse, koma oigwira ndi amene anaiyeza. Ukaona vuto, nena, usakhudze.

Pobwerera kunyumba Amock ndi Temwa anafika pa mtengo wa mango uja. Pamenepo nkhope ya Amock inawala mwa njira imene Temwa ankaidziwa bwino.

"Mayi a Ungweru, ndaganiza. Sola ija ndikamaipukuta ndimaona kuti imatentha bwino. Munthu atati apeze ina yotero, usipa..."

"Mawa benchi likusamuka," anatero Temwa. "Tinyamula ine ndi achimwene. Inu mudzagwira majekete."