Masamu a Wamipope

Ine ntchito yanga ndi ya mipope. Kwa zaka makumi awiri ndakhala ndikukwawa pansi pa masinki a anthu, ndipo kudera kwathu amanditchula kuti Injiniya. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma ine ndinalilandira ndi manja awiri. Sukulu sindinapite nayo patali, komabe masamu ndinkakhoza, ndipo aliyense amene anakhalapo nane pabenchi kwa theka la ola nkhani imeneyi anaimva kawiri.

Mwana wanga wachisamba, yemwe pakhomo timangomuti Nesi, ali ku koleji ya unamwino. Chaka choyamba amawapatsanso aljebra, ndipo ndi amene anamugwetsa. Zina zonse anakhoza, masamu okha ndiwo anakanika. Lamulo la kumeneko n'loti munthu amabwereza kamodzi kokha, akalepheranso alongedze katundu. Tsiku limene anabwera ndi zotsatirazo ndinamulalatira mpaka aneba anazimitsa wailesi kuti amve bwino. Ndinati vuto ndi foni, ndipo ndinamulanda kwa mwezi wathunthu. Kenako ndinalengeza kuti kuwerenga kwathu, komwe kale kunkachitika Loweruka lokha, tsopano kuzichitika tsiku lililonse ndikaweruka, 5 koloko, patebulo la pabalaza.

Masiku oyambawo zinkandikomera zedi. Funso linkati pampu ikupopa malita 20 pa mphindi iliyonse kuchokera m'thanki ya malita 500, ndiye madziwo atha nthawi yanji? Ine ndinkayankha mwanayo asanamalize n'kuwerenga komwe. Iye ankalemba kuti y = 500 − 20x, n'kujambula girafu ya mzere wowongoka wotsetsereka mpaka pansi, ndipo yankho lake linkafanana ndi langa. Ndinkaitana mayi ake kuti adzaone.

Titafika pa mutu wachiwiri, mafunso anasintha. Wodwala walandira mankhwala a mamiligiramu 80, ndipo pa maola 6 alionse mankhwala amene ali m'magazi mwake amachepa ndi theka. Atsala angati pakatha maola 12?

"Palibe chotsala," ndinatero. "Maola 6 oyamba achoka 40, maola 6 enawo achoka 40 enawo. Thanki yauma."

"Koma ababa, m'bukumu girafu yake ndi yokhota."

"Okhota ndi maso a amene analemba bukulo. Bweretsa kuno."

Ndinatenga kope lake lobiriwira, rula ndi cholembera, n'kumujambulira mzere wanga wowongoka kuchoka pa 80 kukafika pa ziro. Ndinamulemberanso zitsanzo zinayi za mtundu womwewo, za majeremusi ochulukana ndi za tiyi wozizira, zonse pa mzere wowongoka. Nesi anayang'ana kopelo kwa kanthawi, kenako anati, "Chabwino ababa." Kwa milungu itatu anayankha mafunso onse otere mmene ndinamusonyezera, ine n'kumachonga ndi cholembera chofiira chimene ndinachita kukagula.

Loweruka lina, mayeso atatsala masiku asanu ndi limodzi, sinki ya kunyumba kwanga komwe inayamba kudontha. Njinga yanga ndinali nditamubwereka mlamu wanga, choncho aliyense wofika pakhomo akanaganiza kuti ndachoka. Ndili chigonere chagada m'kabati ya pansi pa sinkiyo, sipanala ili m'manja, ndinamva Nesi akulowa pabalaza ndi mnzake wa ku koleji, mtsikana wina wamagalasi yemwe pakamwa pake sipakhala chotsekera. Chitseko cha kukhitchini chinali chotseguka pang'ono.

Anayamba bwinobwino, akufunsana mafunso. Kenako ndinamva mapepala akuvundukulidwa, ndipo wamagalasi uja anaphulika ndi phwete.

"Iwe Nesi, izi ndiye ziti? Mankhwala atheratu pa maola 12? Wodwala wakoyo wabooka pansi?"

"Siya kope limenelo."

"Ayi dikira. Theka la 80 ndi 40, theka la 40 ndi 20. Ngakhale kamchemwali kanga ka pulayimale kangadziwe. Ndipo wina wachonga kuti wakhoza! Ndani wakuphunzitsa zimenezi? Ameneyu ndi wofunika kumumanga."

"Palibe. Ndinalemba ndekha, mutu unali utatopa."

"Kulemba uku si kwako, ine ndimakudziwa."

"Ndi kwanga komwe. Ndati ndine mbuli ndine, wasangalala? Tiye tipitirize."

Dontho la madzi linandigwera pamphumi, ndipo sindinalipukute. Ndinawerenga ndekha ndi zala: 80, 40, 20, 10, 5. Nthawi iliyonse ukutenga theka la chimene chatsala, osati la chimene unayamba nacho. Chinthu chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti zimenezi ndimaziona sabata iliyonse. Ukatsegula thanki yopanda pampu, madzi amatuluka mwamphamvu ikadzadza, n'kumafooka akamatsika, mpaka kumapeto amangochucha. Makasitomala ndimawafotokozera zimenezi ndi manja m'thumba. Koma pa tebulo la mwana wanga ndinaumirira rula.

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Kutuluka ndinalephera, chifukwa wamagalasi akanangoona nkhope yanga n'kudziwa mwini wake wa cholembera chofiira. Ndinakhala m'kabatimo ngati mphemvu kwa ola ndi theka, msana ukuwawa, kuopa ngakhale kutsokomola. Atsikanawo atatuluka kukaperekezana, mayi ake a Nesi anabwera kuchokera kochapa n'kupeza miyendo yanga ili panja pa kabati.

"Bambo a Nesi, mwasamukira m'menemo?"

Ndinatuluka n'kukhala pansi pomwepo. Ndinawafunsa ngati ankadziwa. Sanandifunse n'komwe kuti kudziwa chiyani.

"Kope lobiriwiralo ndi lanu," anatero akupukuta manja. "Lenileni ndi lakuda. Funso lililonse amalemba kawiri, madzulo mwa njira yanu, m'mawa asanapite mwa njira ya kusukulu."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Kukuuzani inu? Mwana anayesa, munamuuza kuti wolemba buku ndi wa maso okhota. Ine ndikanati chiyani, poti ndinalekeza sitandade 6? Pajatu safunsa anadya phula, koma inu phulalo mukudyetsa mwana."

Ndinawerengetsera mumtima. Milungu itatu, ola limodzi ndi theka tsiku lililonse, mwana wokhala ndi mwayi umodzi wokha ankaitaya posamalira nkhope ya bambo ake. Ndinamaliza kumanga sinki ija, koma ndinamanga molakwika mpaka ndinachita kumasulanso.

Itakwana 5 koloko, Nesi anabwera patebulo monga mwa masiku onse. Anaika kope lobiriwira, rula ndi cholembera chofiira mbali yanga, n'kukhala pansi akumwetulira. Kumwetulira kumeneko kunandilasa kuposa phwete la mnzake lija.

"Bweretsa lakuda lija," ndinatero.

Anayang'ana kukhitchini kumene kunali mayi ake, kenako anayang'ana malaya anga onyowa paphewa, ndipo ndinaona kuti wamvetsa kumene ndinali masanawo.

"Ababa, mnzanga uja amangolankhula, musamutengere."

"Wanena zoona. Ine ndi amene ndimalakwitsa. Mankhwala aja atsala 20, si choncho?"

"Eya, 20."

Panali funso limodzi limene linkandivutitsa, ndipo ndinkadziwa kuti yankho lake sindilikonda, koma ndinafunsabe.

"Pa mayeso oyamba aja, mafunso a mtundu umenewu analipo?"

"Analipo atatu, a malikisi ambiri."

"Unayankha bwanji?"

Anayamba kukanda m'mphepete mwa tebulo ndi chikhadabo. "Nthawi imeneyo sindinkamvetsa bwino za m'kalasi. Ndiye Loweruka lomaliza lija munandisonyeza funso lina la majeremusi, ndipo njira yanu inaoneka yosavuta." Anasiya kukanda tebulolo. "Ndinaperewera malikisi anayi okha."

Ndinakumbukira mmene ndinaimira pakhomo lomwelo ndikumutchula waulesi, aneba akumvetsera, iye atagwira pepala lake osayankha chilichonse. Ndinafuna kupepesa, koma mawu anatuluka opindika. Ndinati kuyambira lero ndizichedwa kuntchito mpaka mayeso atadutsa, tebulo likhale lake yekha. Ndinatola sipanala yanga n'kuimirira.

"Khalani pansi ababa," anatero. Aka kanali koyamba kuti mwana ameneyu andilamule. "Ndikakhala ndekha ndimasuzumira mayankho a kumapeto kwa buku. Ndikufuna munthu wogwira bukuli, azindiwerengera funso n'kuyang'ana wotchi. Funso lililonse mphindi zisanu."

"Basi zokhazo?"

"Zokhazo. Yankho musanene, ngakhale mukulidziwa."

Anapita kuchipinda n'kubwera ndi kope lakuda, lokutha m'makona, lodzadza ndi mizere yokhota yojambulidwa mosamala. Anandipatsa buku atatsegula pa tsamba 114. Ndinavula wotchi yanga n'kuiika patebulo. Funso loyamba linali la majeremusi 300 amene amawirikiza kawiri pa maola atatu alionse, ndipo ndinaliwerenga pang'onopang'ono, ndikupunthwa pa mawu ena, iye n'kumandikonza mosakweza mutu. Ndisanafike kumapeto, nambala ina inali itafika kale pa lilime langa. Ndinailuma n'kuyang'ana wotchi, mwana wanga akulemba.