Uthenga wa Emelda

Mnansi wanga Nasiru anagwa m'munda wa mpunga ku Chia, mpweya n'kusiya kutuluka. Abale ake anali atagula kale sanda yomukulungira pamene iye anayetsemula n'kupempha tiyi.

Kuyambira tsikulo anthu ankadzaza pakhonde pake kufunsa za kumene anapitako. Ine sindinathamangireko. Nasiru ndimamudziwa, nsomba ya dzana amaitcha ya m'mawa uno. Koma nditamva kuti akuti anakaona Emelda, mkazi wanga amene anamwalira chaka chatha, miyendo inanditengera yokha.

"Achimwene, inu Msilamu, mayi wa Mvano munakumana naye pati?" ndinamufunsa.

"Kulibe mipanda kumeneko, a Tryson. Ndinawapeza akupeta mpunga pamthunzi."

"Anafunsa za ine?"

Ndinali nditakonzeka kumva bodza lokoma, loti akulira, akundidikira usana ndi usiku. Akanangotero ndikananyamuka.

"Anafunsa ngati mukadali moyo," anatero Nasiru. "Nditavomera anati, 'Mukawauze asafulumire. Kuno ndikupumako.'"

Khonde lonse linaseka. Ine sindinaseke nawo, chifukwa mawu amenewo Nasiru sakanawapeka, nzeru zake sizifika pamenepo. Ndi pakamwa pa Emelda penipeni. Ndiye kuti aliko, ndipo mwano wake sunaole.

Nditafika kunyumba ndinafunafuna mapiritsi a kuthamanga kwa magazi amene ndinasiya kumwa maliro atangotha. Ndinawapeza m'chitini cha shuga, ndinamwa piritsi limodzi. Emelda apume ndithu. Koma tsiku limene ndidzafike, adzandiuze bwinobwino amene ankamutopetsayo.